Mkango Wodutsa Kunsi kwa Minda

Ombani daman! Gwirani timitengo, inu eni ng'oma ziwiri zogona limodzi, ina ya mawu a nkhalamba, ina ya mawu a mwana. Gundu, gundu, tetete, gundu! Wa chitoliro cha surna akoke mpweya, ngakhale kuno ku Ladakh mpweyawo ngwoperewera, mlendo amapuma kawiri kuti chifuwa chikhute kamodzi. Lero tikutchula mayina a mtsinje, ndipo mayina akewo ngochuluka kuposa madzi amene amasiyira eni dziko.

Inu Sengge Khabab, Wotuluka-m'kamwa-mwa-mkango! Inu Sindhu wa nyimbo zamakedzana! Inu Indus wa pamapu a ana asukulu! Wawa, ndaomba m'manja. Mwana wa ku Tibet, wobadwira kuseri kwa phiri la Kailash, limene anthu a zipembedzo zinayi amalizungulira wapansi koma palibe woliponda pamutu. Mlendo wa makilomita ngati 3,000, wonyamuka m'chisanu kukafera m'nyanja yofunda kufupi ndi Karachi. Mtcha-mayina, amene dziko lonse la India linabwereka dzina lanu, chonsecho mumangolipsompsona pachipumi n'kupita kukagona kwa anansi.

Inu Msoko-wa-dziko! Njira yanu simunaisankhe nokha, munaipeza itasokedwa kale. Zaka ngati 50 miliyoni zapitazo nthaka ya India, itakwawa pang'onopang'ono kuchokera kum'mwera, inadzagunda Asia, ndipo nyanja ya Tethys imene inali pakati inafinyidwa, inaphwa, pansi pake n'kukwezedwa kukhala nsonga za mapiri. Mpake mbusa wa ku Zanskar kutola zigoba za zamoyo za m'nyanja pamalo pamene ngakhale udzu umachita manyazi kumera. Kudzanja lanu lamanja kuli mapiri a Ladakh, mwala wotuwa wouma gwa. Kumanzere kuli mapiri a Zanskar, miyala yosanjikizana ndi yopindika, yofiirira, yobiriwira, yachikasu. Inu pakati, Mkhalapakati wosagamula mlandu.

Inu Wodutsa-m'dziko-la-ludzu! Mitambo ya mvula yochokera kunyanja ya kum'mwera imakwera, imakwera, ikafika pa khoma la Himalaya imatula katundu yense kuseriko, kuno n'kufika chimanjamanja. Ku Leh, mzinda wokhala pa mamita 3,500, zogwa kumwamba za chaka chonse, mvula ndi chipale chofewa pamodzi, zimangokwana mamilimita ngati 100. Mu Januwale chisanu chimatsika kufika madigiri 20 kunsi kwa ziro, pena kupitirira. Mu Julayi dzuwa limasenda khungu la pamphuno. Phiri mbee, chigwa mbuu, thambo ngwee lopanda kamtambo. M'dziko lotereli ndimo mukuyenda inu, madzi tololo. Wongodutsa angati amenewa ngodala, ali ndi mtsinje. Adikire, amva.

Tiyambire kumtunda. Mumalowera cha ku Demchok, m'chidikha cha Changthang, pa mamita oposa 4,000, mukadali wofatsa. Inu Mluka-zingwe! Kumeneko simuthamanga. Mumagawika patatu, panayi, mumalukana, mumasiya tizilumba ta nsangalabwi, mumakhota n'kubwerera pomwe mwachoka. M'mbali mwanu ndi mwa mng'ono wanu Hanle mumamera udzu waufupi wa m'dambo, ndipo udzu umenewo ndiwo nkhokwe ya abusa a Changpa. Munda wa a Changpa umayenda ndi miyendo inayi. Hema wawo ndi rebo, wolukidwa ndi ubweya wakuda wa yak, ng'ombe ya kumapiri, utsi wa ndowe ukutulukira padenga. Amasamuka kangapo pachaka kutsata msipu monga anaugawira makolo, ndipo wa m'chigwa chanu amausungira miyezi ya chisanu, pamene mphepo imasesa chipale n'kusiya udzu poyera.

Tamandani mbuzi ya changra! Tetete! Kambuzi kosapatsa chidwi, Mbisa-chuma-kunsi-kwa-bweya! Chisanu chikaluma, iko kamameretsa ubweya wina wofewa pafupi ndi khungu, ndipo kukayamba kufunda mwini wake amaupesa ndi chipeso, osameta. Ndiye pashmina ameneyo, amene amisiri a ku Kashmir amaombera nsalu zofunda mafumu. Mafumuwo anakanganirana ndithu. Pangano la ku Tingmosgang la 1684 linakhudza za amene ayenera kugula ubweyawo, ndipo mu 1834 Zorawar Singh analowa m'dziko ndi asilikali a mfumu Gulab Singh ya ku Jammu, diso lili pa malonda omwewo. Ufumu wa Ladakh unagwa mbuzi ikudya udzu wake, yosadziwa kanthu. Kale a Changpa ankasenzetsa nkhosa timatumba ta mchere wa ku nyanja ya Tso Kar kukasinthanitsa ndi balere kumidzi ya kunsi. Lero mchere umabwera pa lole, ndipo mabanja ambiri a ku Kharnak anagulitsa ziweto n'kukamanga kufupi ndi Leh. Otsala kumtunda akucheperachepera. Anansi awo ndi kiang, bulu wam'tchire, ndi mbalame ya miyendo italiitali ya khosi lakuda imene imaikira mazira m'madambo mwanu.

Kenako mumakwiya. Inu Mboola-thanthwe! Kuyambira cha ku Mahe mapiri amakupanikizani, inu n'kuwatafuna. Pa Chumathang nthaka imafuka nthunzi pambali panu, madzi owira ndi madzi oundana kuyang'anizana. Khuu, khuu, mpaka ku Upshi.

Mukatuluka m'chigwembe mumatambalala, pakuti apa ndi pabwalo pa mafumu. Stakna, nyumba ya amonke yokhala pa thanthwe pambali panu. Hemis wobisala m'khwawa. Thiksey wosanjikizana paphiri. Shey, likulu lakale. Leh, kumene mfumu Sengge Namgyal, mnzanu wa dzina la mkango, inamanga nyumba ya nsanjika 9 m'zaka za m'ma 1600. Apa ndi pamene mumawerama kuti anthu akufikireni: a ku Chuchot ndi a ku Shey amakupatutsani ndi ngalande, minda yawo n'kumwa kwa inu mwini. Pa zilumba zanu pamamera tsermang, chitsamba cha minga, Mlonda-wa-minda, chimene nthambi zake amatchingira mipanda, ndipo tizipatso take towawasa tokwinyitsa nkhope amayi amatigwetsa ndi ndodo mu Seputembala kukagulitsa kwa opanga juwisi. Pamamera msondodzi ndi popula, ndipo popanda mitengo iwiriyi ku Ladakh kulibe denga: popula ndiye mitanda, timitengo ta msondodzi timayalidwa pamwamba pake, kenako udzu, kenako dothi.

Tsono ng'oma itsike ndinene zoona, pakuti wotamanda wobisa zoona ndi wopemphetsa chabe. Inu Mkango, midzi yambiri ya ku Ladakh simuimwetsa. Mumadutsa kunsi. Munadzikumbira njira yakuya, minda n'kutsala pamwamba, ndipo madzi sakwera phiri. Mlimi wa ku Alchi amakumvani mukubangula usiku wonse pansi pa phompho, iye maso ali kuphiri, kudikira kamtsinje kena. Inu Mkhuta-yekha, Wodyera-pamaso-pa-anjala, Mfumu yodutsa pamudzi osalonjera! Ulemu wanu ngwaukulu, koma oika chakudya m'mbale ndi ena, ang'onoang'ono, opanda dzina pamapu.

Ombani mwamphamvu tsono! Gundu-gundu-gundu! Tamandani tokpo, timitsinje ta m'makwawa, ana a ayezi! Kalikonse kamabadwira pansi pa kangri, chimulu cha ayezi chogona pamwamba pa mamita 5,000, kamatsika ndi liwiro m'khwawa lopanikiza katasenza miyala, mchenga ndi matope. Kakangotuluka pakamwa pa khwawa mphamvu zimakathera, kamatula katundu: miyala ikuluikulu pafupi ndi pakamwa, nsangalabwi patsogolo pake, mchenga ndi dothi losalala kumapeto. Chaka chino katulira kumanja, njira ikatsekeka katulira kumanzere, zaka zikwizikwi osaleka, mpaka mulu wonse wayala m'chigwa ngati lichero lovundikira.

Pa malichero amenewa ndi pamene pakhala anthu. Stok ali pamenepo, Matho, Sabu, Phyang, Nimmu, Basgo, ndi Leh yemwe. Ukaima pamwamba umaona mzere wakuthwa, mbali iyi biriwiri, mbali iyo mbuu, pakati palibe kunyengererana. Pamene yalekeza ngalande, phazi limodzi kupitirira apo ndi chipululu.

Dothi la m'mindayi anachita kulipanga. Agogo anazula miyala ndi manja n'kumangira makoma, munda uliwonse sitepe yake. Madzi a ayezi, otuwa ndi ufa wa miyala, amasiya ufawo m'munda chaka ndi chaka. Ndowe zimene zapulumuka kumoto zimapita komweko. Ngakhale chimbudzi chili pa ntchito: cha kuno n'chouma, chipinda pamwamba chipinda pansi, munthu akatha amathira fosholo ya dothi, ndipo chisanu chikamatha abulu amasenza manyowawo kupita nawo kumunda. Nyumba amakonda kuimanga pathanthwe, pamene khasu silingalowe, kuti dothi lisaonongeke ndi kugonapo munthu.

Tamandani yura, ngalande yopapatiza, Mkwawa-m'mbali-mwa-phiri, yoyenda mtunda wautali pamalo pamene ngakhale mbuzi imayamba yaganiza! Tamandani zing, dziwe lokumba ndi manja, Msunga-za-usiku! Pakuti ayezi ali ndi nthawi yake. M'mawa amaumira, dzuwa likamuotcha tsiku lonse amamasuka, ndipo madzi amafika kumudzi madzulo anthu atatopa. Zing amawalandira usiku, kukacha n'kuwatsegulira.

Patukani, akubwera a Churpon! Tetete, tetete! Mwini-fosholo, Mfumu-yopanda-mpando, Wogona-ndi-khutu-limodzi! Mudzi umawasankha nyengo yolima ikayandikira, ndipo ntchito yawo ndi kugawa madzi: lero banja ili, mawa banja ilo, munda ndi munda, potsata mndandanda umene aliyense amaudziwa pamtima. Chitseko chawo ndi mwala, chibuma cha udzu ndi sanza yakale. Akasuntha mwala umodzi, munda wina wamwa, wina wadikira. Malipiro awo kale anali balere wa pa zokolola. M'makwawa ena mudzi wakumtunda umathirira masana, wakunsi usiku, ndipo wakuba madzi amakaonekera kwa a goba, mkulu wa mudzi. Ndikadakhala wogawa mipando ine, a Churpon ndikadawakhazika pamwamba pa mfumu Sengge Namgyal, pakuti nyumba ya mfumuyo lero ndi yoonetsa alendo, pamene mwala wa a Churpon ukudyetsabe ana. Poti tanena za mipando, tinene ndi iyi: pa madyerero a ku Ladakh anthu amakhala pamzere monga mwa ulemu wawo, ndipo a Mon ndi a Beda, eni ng'oma ndi zitoliro, kwa mibadwo yambiri ankakhazikidwa kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo. Chonsecho popanda iwo palibe ukwati, palibe mpikisano wa mauta, palibe kulandira lama wamkulu. Nawonso awomberedwe m'manja.

Tsiku lofesa silisankhidwa mwachisawawa. Onpo, wowerenga nyenyezi, ndiye amalitchula. Amonke amapempherera munda, ndipo a lu, mizimu ya m'madzi ndi m'nthaka, amapepesedwa chifukwa khasu liwadula tulo. Ndiye atulukira dzo! Mwana wa yak ndi ng'ombe, Wosabala-koma-wodyetsa, Mkoka-pulawo woyendera nyimbo: mlimi amamuimbira, iye n'kutembenuka pa mapeto a mzere. Tamandani nas, balere wopanda mankhusu, Mcha-msanga, wofesedwa cha mu Meyi n'kukololedwa cha mu Seputembala chisanu chisanabwerere! Miyezi inayi ya kulima, isanu ndi itatu ya kudya zimene unasunga. Pambali pake tirigu, nsawawa, mpiru wa mafuta, ndi udzu wa ziweto wounjika padenga. Popuntha, ziweto zimazungulira pabwalo kupondaponda ngala. Pouluza, anthu amaimba mluzu kuitana mphepo. Kenako rantak, chigayo cha madzi, Mphero-yosatopa, chozunguzidwa ndi kamtsinje komwe kaja kanamwetsa munda. Gudu-gudu-gudu, balere wokazinga wasanduka ngamphe, ufa wodya osaphika, wokandira mu tiyi wa batala ndi mchere. Wotsala amasanduka mowa wa chang, ndipo chang akalowa, Ama-le ndi Abi-le, amayi ndi agogo, amadzuka kuvina, perak wa miyala yobiriwira ali pamutu, phazi pang'onopang'ono, pakuti pamwamba potere palibe wovina mothamanga.

Koma pali miyezi ya nkhawa. Mu Epulo ndi Meyi mbewu ikufuna kumwa, pamene ayezi wa pamwamba sanadzuke, iye amadzuka mu Juni. Kale mpata umenewu unkatsekedwa ndi chipale chogwa m'munsi mwa mapiri. Lero chipalecho chimachepa, chimatha msanga, ndipo milu ya ayezi ikubwerera kumtunda. Ku Zanskar, kamtsinje ka mudzi wakale wa Kumik kanayamba kuphwa mbewu zisanache, ndipo mabanja anayamba kusamukira kunsi, pafupi ndi mtsinje waukulu, kukatsegula minda pa miyala monga anachitira agogo a agogo awo.

Tamandani a Chewang Norphel! Gundu! Injiniya wakale wa boma, Mweta-chisanu, Me-me-le wa ayezi! Iwo anaona madzi a pampopi wosiyidwa wotsegula akuundana pamthunzi, n'kukumbukira madzi onse a m'chisanu amene amangopita kwa Indus opanda wowamwa. Mu 1987, kumtunda kwa mudzi wa Phuktse, anapatutsira kamtsinje kumthunzi wa phiri, n'kumanga timakoma ta miyala motsatizana kuti madzi afooke, ayale, aundane. Ayezi wotereyu amagona m'munsi, choncho amasungunuka msanga, pa nthawi yeniyeni yofesa. Mu 2015 dziko la India linawaveka ulemu wa Padma Shri.

Tamandani a Sonam Wangchuk ndi ophunzira a sukulu ya SECMOL, amene anaimiritsa ayezi! Paipi imatunga madzi kumtunda, imatsika nawo pansi pa nthaka, ndipo kulemera kwa madziwo kumawaponya m'mwamba usiku wa chisanu, popanda injini, popanda magetsi. Madontho amaundana pogwa, mulu n'kumakula, wosongoka kumutu. Mulu wosongoka umaonetsa dzuwa thupi lochepa, choncho umapirira mpaka miyezi ya ludzu. Wa ku Phyang wa mu 2015 unathirira mitengo yobzalidwa m'chipululu, ndipo zithunzi za milu yotere zazungulira dziko lonse. N'zokongoladi. Koma ng'oma isaname: mulu wa ayezi subala madzi, umangowagoneka. Paipi ikaundana pakati pa usiku pamafunika mnyamata wodzuka kukaitsegula, ndipo anyamata ambiri ali ku Leh, akuyendetsa matakisi. Kangri akadzatha pamwamba, paipiyo idzatunga kuti?

Tokpo yemweyo, Mmanga-lichero, ali ndi dzina lina limene silitchulidwa mokweza. Usiku wa pa 5 kucha pa 6 Ogasiti 2010 mtambo unang'ambika pamwamba pa Leh. Mvula imene dziko lino siliidziwa inagwera mapiri opanda udzu woigwira, ndipo napolo anatsika ndi matope, miyala ikuluikulu, mitengo, magalimoto. Sabu, Choglamsar, Phyang, Nimmu, ndi kunsi kwa Leh komwe, chipatala ndi pokwerera mabasi. Anthu oposa 200 anafa, ena sanapezeke n'komwe. Ambiri anali atamanga m'njira zouma za madzi zimene makolo ankazilambalala, pakuti mzinda unakula, malo n'kuchepa. Lichero silinathe kulukidwa, mwini wake amabwerabe ndi katundu. Ng'oma ilire pansipansi apa. Gu-ndu. Gu-ndu.

Dzukani, tipitirire! Pa Nimmu akubwera Zanskar, mphwanu wosakuopani. Wobadwa kwa awiri: Stod wochokera ku ayezi wa Drang-Drung pa mpata wa Pensi La, ndi Tsarap wodutsa kunsi kwa Phugtal, nyumba ya amonke yomatirira pakamwa pa phanga. Pamene mukumana madzi awiri amayenda limodzi osasakanikirana, ena obiriwira, ena amatope, mtunda ndithu asanamvane. Inu Zanskar, Msewu-wa-Januwale! Mipata ikatsekeka ndi chipale, chigwa chonse chinkatsekeredwa kwa miyezi, ndipo njira yokha inali msana wanu woundana. Ndiye Chadar ameneyo! Masiku akuyenda pa ayezi m'chigwembe chimene dzuwa limangosuzumira, kugona m'mapanga oda ndi utsi wa mibadwo, ndodo ikugogoda patsogolo kufunsa ngati pansi pali polimba. Anthu ankasenza batala wa ku Zanskar wosokerera m'zikopa kukagulitsa ku Leh, ndipo m'zaka za pambuyo pake abambo ankaperekeza ana kusukulu pa njira yomweyo. Kumapeto kwa 2014 phiri linagumukira mu Tsarap, nyanja n'kubadwa m'chigwembe. Mu Meyi 2015 chotchingacho chinaphulika, milatho n'kupita. Mu 2024 msewu wa Nimmu, Padum ndi Darcha unalumikizidwa. Alendo okonda zithunzi akudandaula kuti Chadar watha ulemerero. Mayi woyembekezera amene akufuna chipatala chachikulu mu Febuluwale sadandaula nawo.

Kunsi kwa Nimmu ndi kumene ntchito yanu yakale imaoneka. Inu Mmanga-nsanja, Wodzaza-n'kukumbanso! Nyengo zina munkadzaza chigwa ndi nsangalabwi, nyengo zina munkacheka zimene munadzazazo n'kutsika, ndipo pamene munkagona kale panatsala nsanja zafulati m'mbali, ina pamwamba pa inzake. Pa nsanja zotere pali Saspol, Nurla, Khalatse, ndi Alchi, kumene makoma a dothi akusunga zojambula za luso la ku Kashmir za zaka 800 kapena kuposa, zopulumuka chifukwa mvula kuno ndi mlendo. Pafupi pomwepo anakumangani lamba, damu la Nimoo Bazgo, la mamegawati 45, limene linachepetsa kulira kwa majenereta a dizilo ku Leh. Lambayo ngwokhwefuka, pakuti pangano la 1960 la Nehru wa India ndi Ayub Khan wa Pakistan linapereka madzi anu ochuluka kwa Pakistan, India n'kuloledwa kuti muzungulitse makina ake koma asakusungeni wambiri. Mu Epulo 2025 boma la India linati panganolo laliimika kaye. Pa misonkhano yonseyi inu simunaitanidwepo.

Patukani pang'ono muone Lamayuru. Kumeneko kunali nyanja yotsekeredwa m'chigwa. Matope ake anagona pansi mosanjikizana, ndipo madzi atapeza potulukira anasiya dothi lachikasu lofewa, mphepo ndi timitsinje n'kulisema mizati ndi makwinya. Alendo amati ndi kumwezi. Amonke amasimba za munthu woyera amene anaphwetsa nyanjayo. A sayansi amaloza zivomezi ndi kugumuka kwa mapiri. Pa chimodzi chokha onse amamvana: panali madzi, anapita.

Kuseri kwa mpata wa Khardung La, wa mamita oposa 5,300, kuli mbale wanu amene simukumana naye mpaka ku Baltistan. Shyok! Mtsinje-wa-imfa, Wosintha-maganizo, wonyamuka ku ayezi wa Rimo kulowera kum'mwera chakum'mawa, kenako n'kutembenuka kubwerera kumpoto chakumadzulo! Mu 1929 ayezi wa Chong Kumdan, amene anamutsekera njira, anaphulika, ndipo chigumula chake chinakamveka mpaka ku Attock, makilomita mazanamazana kunsi. Mtsinje wa Nubra umamupeza kufupi ndi Diskit utachokera ku Siachen, kumene asilikali a India ndi Pakistan akhala akuyang'anizana pa ayezi kuyambira 1984, chisanu chikupha ambiri kuposa zipolopolo. Pamene awiriwa akumana chigwa n'chotakata, mchenga wotuwa waunjikana, mphepo n'kuuumba milu pa Hunder, mchenga pansi, chipale pamwamba. Pa milu imeneyo pali ngamila za malinunda awiri, zidzukulu za zimene zinkayenda ulendo wa ku Yarkand kudzera pa mpata wa Karakoram malire asanatsekedwe cha m'ma 1950. Makolo a izo ankasenza silika, makapeti ndi chamba. Izo zimasenza mlendo kwa mphindi zochepa kuti ajambulitse.

Alendo! Ladakh anatsegulidwa kwa iwo mu 1974, ndipo lero amabwera zikwi mazanamazana pachaka. Ndalama yabwera, sukulu zabwera, ndipo palibe wofuna kubwerera ku njala ya kumapeto kwa chisanu. Koma minda ya balere ya ku Leh yamera mahotela, ambiri ali ndi mjigo wawowawo woboola pansi ndi zimbudzi zogejemula, m'dziko limene makolo anaphunzira kusataya ngakhale dontho. Akasupe ena aphwa. Mpunga wotchipa wa boma walowa m'mbale m'malo mwa ngamphe. Mu 2020 anthu a ku Stok anatseka phiri lawo la Stok Kangri kwa okwera mapiri kuti ayezi amene amawamwetsa apume. Gundu kwa a ku Stok! Amenewo akudziwa amene amawadyetsa.

Tsono mukutsika, Mkango, mpweya ukukhuthala, chigwa chikufunda. Khalatse, pa mlatho wakale wa amalonda. Domkhar, pamene miyala yakuda ya m'mbali mwanu ili ndi zithunzi za mbuzi zam'phiri ndi alenje, zogobedwa zaka zikwi zapitazo. Dha, Hanu, Garkon, Darchik, midzi ya a Brokpa ovala maluwa pamutu, kumene munda umakolola kawiri ndipo mphesa zimapsa. Tamandani chuli, apurikoti wa ku Ladakh! Tetete! Mu Epulo maluwa mbee chigwa chonse, mu Ogasiti madenga ndi matanthwe psuu ndi zipatso zoyanika. Mdyedwa-yense! Mnofu ukauma ndi chakudya cha m'chisanu, nthangala yotsekemera ndi yotafuna, yowawa ndi yoyenga mafuta a nyale ndi odzola, chikhokho ndi cha pamoto. Raktsey Karpo wa nthangala yoyera analowa m'kaundula wa boma mu 2022 kuti a kwina asamubere dzina.

Kupitirira Batalik pali mzere wa asilikali umene unamwa magazi mu 1999. Munthu sadutsa. A ku Turtuk, m'mbali mwa Shyok, amene anagona ali a Pakistan n'kudzuka ali a India mu Disembala 1971, ali ndi abale kutsidya, mtunda waufupi koma njira yotsekedwa. Inu mulibe chiphaso, Wosafunsa-malire! Mumadutsa dzuwa likuswa mtengo, mfuti zikuonerera, kupita ku Skardu, kukazungulira Nanga Parbat, kukathirira tirigu ndi thonje ku Punjab ndi ku Sindh, kumene mumawerama kwenikweni ndipo anthu mamiliyoni amamwa kwa inu mwini. A Pashtun akukudikirani ndi dzina la Abasin, a ku Sindh ndi la Mehran. Pitani, akakutcheni okha!